Mmene mlamu wanga anatulukira pa belo ku Britain atanyanyala chakudya

Mlamu wanga watuluka posachedwapa m'malo a kuno ku Britain osungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, ndipo ndikulemba izi mtima usanatsike, kuti amene m'bale wake wagwidwa asataye nthawi ndi ndalama pa zinthu zopanda pake. Anamugwira tsiku limene anapita kukasayina ku ofesi yoona za olowa m'dziko monga mwa nthawi zonse, pempho lake la chitetezo ngati wothawa kwawo litakanidwa, ndipo pamene uthenga unkatipeza n'kuti atamulanda kale foni yake n'kumupatsa kafoni kopanda kamera komwe. Posakhalitsa analowa m'gulu la anzake amene anapangana zonyanyala chakudya pokana kukwezedwa ndege.

Anthu amenewa sindingawanyoze, chifukwa malamulo a dziko lino saika malire a nthawi imene munthu angasungidwe, ndipo wotsekeredwa osadziwa tsiku lotuluka amagwira chilichonse chimene chatsala m'manja mwake. Komabe abale ayenera kudziwa kuti njala payokha siimitsa ndege. Mu February 2018 amayi oposa 100 ananyanyala chakudya ku Yarl's Wood, amodzi mwa malo osungirawa, ndipo anapatsidwa makalata owachenjeza kuti kutero kukhoza kufulumizitsa kubwezedwa kwawo. Mu 2022 ena ananyanyala ku Brook House, malo ena otere amene ali pafupi ndi bwalo la ndege la Gatwick, pokana kutumizidwa ku Rwanda, koma chimene chinaimitsa ndege ya pa 14 June chinali chigamulo cha khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu. Choncho pamene iye ankalimbana mkatimo, ife kunja kuno tinayenera kuthamanga ndi mapepala.

Belo imapemphedwa ku khoti la First-tier Tribunal pa fomu ya B1, ndipo fomuyi ndi yaulere, imapezeka mkati momwemo komanso pa intaneti. Ndikutsindika zaulerezi chifukwa cha bambo wina amene anthu a kutchalitchi anatilozera, wodzitcha mlangizi wa nkhani zolowa ndi kutuluka m'dziko. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinakwera sitima m'mamawa kupita mzinda wina, ndipo ndinakhala tsiku lathunthu pa mpando wapulasitiki m'kaofesi ka pamwamba pa sitolo yogulitsa mafoni, iye akungotuluka ndi kulowa foni ili kukhutu. Dzuwa litapendeka ndi pamene anatsegula chikwatu changa, nachiyang'ana mwachidule, n'kunena kuti ndiyambe ndapereka mapaundi mazanamazana kuti andilembere fomu yomweyi, ati iye amadziwana ndi akuluakulu. Nditamufunsa nambala imene analembetsera ntchito yake, nkhope inasintha, nayamba kundiuza kuti anthu a kwathu sitithokoza. Munthu akulephera kuimirira ndi njala kwinako, wina akuona mpata wodyerapo! Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira tsiku limenelo. Musapereke ndalama kwa aliyense musanaone dzina lake m'kaundula wa Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC, kapena wa Solicitors Regulation Authority ngati akuti ndi loya.

Thandizo lenileni linali laulere. M'malo osungirawa muli dongosolo lopatsa wotsekeredwa mphindi 30 zokambirana ndi loya popanda kulipira, ndipo kulembetsa kwake kumafunika kuchitika msanga chifukwa mndandanda umadzaza. Bungwe la Bail for Immigration Detainees lili ndi kabuku kofotokoza mmene munthu angadzipemphere yekha belo, ndipo ife tinatsata kabuku kameneko.

Za dokotala ndikanayenera kuzitchula poyambirira penipeni. Munthu akakana chakudya maola 48, kapena madzi maola 24, ogwira ntchito amayenera kuyamba kumulondoloza ndi kulemba za thanzi lake. Muuzeni m'bale wanuyo kuti asakane kupimidwa ngakhale atakwiya motani, chifukwa zolemba zimenezo ndi zomwe woweruza adzawerenge. Apemphenso lipoti la Rule 35, limene dokotala amalemba akaona kuti kusungidwako kukuwononga thanzi la munthu, kuti akhoza kudzipha, kapena kuti anazunzidwapo kumene anachokera, ndipo a Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, amayenera kuliyankha pasanathe masiku awiri ogwira ntchito. Bungwe la Medical Justice limatumiza madokotala odziimira paokha kukapima otsekeredwa. Nditapita kukamuona mlamu wanga, nditalembetseratu ulendo ndi kunyamula chiphaso, ndinapeza milomo itang'ambika, mawu akutuluka monong'ona, ndipo anachita kugwira tebulo ndi manja awiri kuti adzuke. Sindinamukakamize kudya, koma ndinamuchonderera kuti madzi okha asawasiye.

Ine ndinali womuimira pa belo. Ndalama simuperekeratu, mumangolonjeza kuchuluka kumene mudzalipire iye akadzaphwanya malamulo a belo, ndipo woweruza amafuna kuona kuti ndalamazo ndi zanudi. Konzani pasipoti, umboni woti mukukhala m'dziko movomerezeka, masitetimenti a kubanki a miyezi itatu, ndi chikalata cha nyumba imene m'bale wanuyo akakhale. Musabwereke ndalama n'kuziponya mu akaunti mlandu utayandikira, chifukwa woweruza amafunsa kumene zachokera. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, tengani kalata ya mwini nyumba yovomereza munthu wina kukhalamo.

Tsiku loti mawa ndi mlandu, boma limatumiza chikalata chofotokoza zifukwa zake zosafunira kumutulutsa. Chiwerengeni mzere ndi mzere pamodzi ndi loya, ndipo paliponse pamene pakusemphana ndi mapepala anu lembani pambali. Samalaninso ndi masiku, chifukwa belo ikakanidwa simungabwererenso kukhoti pasanathe masiku 28 pokhapokha zinthu zitasintha kwambiri, ndipo ngati tsiku la ndege laikidwa kale pafupi, kutuluka kwake kumafunanso chilolezo cha boma ngakhale woweruza atavomera. Zonsezi bambo wa pamwamba pa sitolo uja sanatchuleko ngakhale chimodzi, n'chifukwa chake ndikubwereza kuti yambani mwaona kaundula musanatulutse ndalama.

Mlandu unachitika kudzera pa kanema, iye ali mkatimo, ine ndikuyankha mafunso okhudza ntchito yanga ndi chipinda chimene adzagonemo. Anamulola kutuluka, koma azikhala kwathu ndi kumakasayina masiku amene amuikira. Mlongo wake anali ataphika nsima ndi nkhuku, koma dokotala anali atatichenjeza kuti munthu amene wakhala nthawi yaitali osadya akhoza kudwala kwambiri, ngakhale kufa kumene, akadya zambiri mwadzidzidzi, choncho anayamba ndi phala lamadzimadzi pang'onopang'ono akupimidwa magazi. Belo sinathetse mlandu wake wa chitetezo, ndipo panopa loya akusonkhanitsa umboni watsopano woti akapereke pempho lina.