Ku Toba, nyanja yokhala m'kamwa mwa phiri

Kuchokera mumzinda wa Medan ku Indonesia kukafika ku Parapat, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Toba, ndi ulendo wa maola anayi kapena kuposerapo pagalimoto. Mbali yaikulu ya njirayo mumangoona minda ya kanjedza wa mafuta ndi mitengo ya labala, kotentha ndi konyowa. Kenako msewu umayamba kukwera, mphepo imazizira, ndipo pokhota kwina madzi amangotulukira pansi panu, atazingidwa ndi mapiri otsetsereka ngati makoma.

Dziko la Indonesia lili ndi zilumba zoposa 17,000, ndipo nyanja zake zazikulu zamwazikana pa zilumba zosiyanasiyana. Pa chilumba cha Sulawesi pali Towuti, Poso ndi Matano, yomwe ndi yakuya kuposa zonse, pafupifupi mamita 590. Koma yaikulu kwambiri ndi Toba, ya pa chilumba cha Sumatra: m'litali mwake makilomita pafupifupi 100, m'lifupi pafupifupi 30, kuya kwake kupitirira mamita 500. Kwa ife ozolowera Nyanja ya Malawi kukula kumeneku si kodabwitsa. Chodabwitsa ndi chimene chinakumba dzenjelo.

Zaka pafupifupi 74,000 zapitazo phiri linaphulika pamalo ano, kuphulika koopsa kuposa kwina kulikonse m'zaka mamiliyoni awiri zapitazi. Nthaka inatitimira, mvula ndi mitsinje zinadzaza chidzenjecho, ndipo patapita nthawi chiphalaphala chapansi chinakankha pakati pake n'kutukula chilumba cha Samosir. Choncho mukakhala m'boti mumakhala muli m'kati mwenimweni mwa phiri.

Chimene chinandikokera kuno kuposa zithunzi za alendo ndi ichi. Mu 2005 akatswiri anabowola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope akale, ndipo mu 2013 analengeza kuti m'matopemo muli tinthu ta phulusa la Toba, tating'ono tosaoneka ndi maso, touluka mtunda wa makilomita pafupifupi 7,000. Kale ena ankaphunzitsa kuti kuphulikaku kunaziziritsa dziko lonse mpaka anthu anatsala pang'ono kutheratu. Matope a m'nyanja yathu sanaonetse kuzizira koteroko kum'mawa kwa Africa. Ndiye kuti umboni wina wofunika pa mkangano umenewu unatuluka pansi pa madzi amene asodzi a ku Nkhata Bay amapalasapo tsiku ndi tsiku. Zimandipweteka kuti ana athu ambiri amamaliza sukulu osaimva nkhaniyi.

Kuwolokera ku Tuk Tuk, pa Samosir, sikufika ola limodzi. Maboti ake ndi amatabwa, opakidwa utoto wowala, nyimbo zili pokopoko. Ndinakhala pafupi ndi pomwe anapachika majekete oyandamitsa, chifukwa ndinkakumbukira za pa 18 June 2018, pamene boti la Sinar Bangun linamira likuchokera ku Simanindo kupita ku Tigaras litadzaza mopitirira muyeso, anthu ndi njinga zamoto zomwe. Anthu oposa 160 sanapezeke. Botilo lili pansi pa mamita oposa 400, kumene osambira sangafike. Amayi ena amene ndinakhala nawo pabenchi anandilozera chakumpoto n'kupukusa mutu, ndipo ndinamva ngakhale sitinkamvana chilankhulo.

Eni malo ano ndi Abataki. M'dziko limene ambiri ndi Asilamu, kuno kuli matchalitchi paliponse, zipatso za ntchito ya mmishonale wa ku Germany, Ludwig Nommensen, amene anafika m'zaka za m'ma 1860. Lamulungu m'mawa kwaya imamveka kuchokera kutali, mawu anayi olukana bwino, ndipo madzulo anyamata amaimbanso ndi magitala m'timalo tomwera. Nyumba zawo zakale n'zokwezeka pamizati, madenga opindika m'mwamba mbali zonse ziwiri, khomo lalifupi loti uwerame polowa. Ku Ambarita kuli mipando yamiyala pomwe akuluakulu ankaweruzira milandu, ndipo ku Tomok kuli manda a mfumu Sidabutar. Pakati pa minda ya mpunga mumaonanso manda a makolo omangidwa ndi simenti, ena okongola kuposa nyumba za amoyo. Ku Tomok ogulitsa nsalu za ulos amakakamira ndithu, koma nsalu yolukidwa pamanja ndi yoyenera mtengo wake.

Chakudya chimene sindidzachiiwala ndi arsik, nsomba yophikidwa yathunthu ndi zokometsera zachikasu komanso andaliman, tsabola wa m'mapiri ano amene amachititsa dzanzi palilime. Koma nsomba zambiri zimene zimadyedwa kuno sizigwidwa ndi ukonde. Zimaleredwa m'makola oyandama, amene m'magombe ena andandalika mpaka kuphimba madzi. Chakudya chotsala ndi zitosi za nsombazo zimamira, madzi amasowa mpweya, ndipo mu 2016 ku Haranggaol nsomba matani ambirimbiri zinafa nthawi imodzi. Bambo amene ndinkagona kwawo anandiuza kuti ali mwana ankamwa madzi a m'nyanjamo mosaopa, koma lero zidzukulu zawo amazigulira a m'mabotolo.

Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika Toba m'gulu la malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mbiri ya miyala ndi nthaka yake, ndipo boma likufuna alendo ochuluka komanso makola ochepa. Eni makola ang'onoang'ono amafunsa kuti adya chiyani akawachotsa, ndipo funso lawo ndi loona. Ife ku Mangochi makola oterewa tinayamba nawo kale, ndipo ndikulakalaka ogawa ziphaso zake akanapita kukaona gombe la Haranggaol ndi maso awo asanawonjezere ena.