Mphindi 32 za Dimorphos

Lachiwiri, 11 Okutobala 2022

Lero bungwe la NASA lalengeza zotsatira za DART, chombo chimene chinagunda dala chimwala cha mumlengalenga cha Dimorphos pa 26 Seputembala. Kale Dimorphos inkazungulira chimwala chinzake chachikulu, Didymos, m'maola 11 ndi mphindi 55. Pano ikutenga maola 11 ndi mphindi 23. Akatswiri anali atanena kuti akadula ngakhale masekondi 73 okha, ntchito yatheka.

Madzulo ano ndakhala pa masamu ake, ndipo akusangalatsa zedi. Miyala iwiriyi yatalikirana pafupifupi makilomita 1.2, choncho Dimorphos imayenda masentimita 17 kapena 18 pa sekondi, liwiro losafika ngakhale la mwana wokwawa. DART inaigunda chakutsogolo n'kuichedwetsa. Chinthu chozungulira chinzake chikachedwa chimagwera mkati, njira yake imafupika, ndiye chimamaliza ulendo msanga. Njira ikakhala yozungulira bwino, liwiro likatsika ndi 1 pa 100, nthawi imatsika ndi 3 pa 100. Mphindi 32 pa mphindi 715 za ulendo wakale uja ndi 4.5 pa 100. Kugawa ndi 3 tipeza 1.5 pa 100 ya liwiro lija, kapena mamilimita 2.6 pa sekondi.

Koma chombo pachokha sichikanakwanitsa zimenezo. Kulemera kwake kwa makilogalamu pafupifupi 580 kuchulukitsa ndi liwiro lake la mamita 6,100 pa sekondi, n'kugawa ndi kulemera kwa Dimorphos, komwe akukuyerekeza pa makilogalamu 4.3 biliyoni, zikungopereka mamilimita 0.8 pa sekondi. Mphamvu yotsalayo yachokera ku miyala ndi fumbi zimene zinathovoka pamalo ogundidwawo, zomwe zinakankha chimwalacho ngati mfuti ikamakankha phewa la woombera. Fumbilo lapanga mchira wa makilomita pafupifupi 10,000.

Nthawi yatsopanoyi aipeza ndi matelesikopu a ku Chile ndi South Africa, poona kuwala kukuchepa nthawi iliyonse mwala wina ukaphimba unzake, komanso ndi radar ya ku Goldstone ndi Green Bank ku America. Ikhoza kuphonya ndi mphindi 2 basi.

Pofooka pa masamu onsewa ndi kulemera kwa Dimorphos. Palibe anaipima, angotengera kukula kwake n'kuganiza kuti mkati mwake ndi mothinana mofanana ndi Didymos. Ikapezeka yolemera kuposa apo, ndiye kuti fumbilo linakankha kwambiri kuposa mmene tikuwerengera. Chombo cha Hera cha ESA, bungwe la ku Ulaya loona za mumlengalenga, chimene chinyamuke mu 2024, n'chomwe chikapime kulemerako pafupi.