Tsiku lomwe ndinadzitsitsa mtengo kufika pa madola 1.5 miliyoni

Popeza ena mwa inu mwaimva kale nkhaniyi itapotozedwa, ndi bwino muimve kwa mwiniwake. Sindinapemphe ndege yangayanga monga akunenera anthu pagulu la WhatsApp lija. Pa intavyu ya ntchito ndinangopempha malipiro a madola 1.5 miliyoni pachaka, ndipo mumtima ndinkati olemba ntchitowo ndawachitira chifundo.

Choyamba dziwani kuti tebulo langa loyerekezera malipiro, limene ndinakonza pa kompyuta, linali lokongola. Ndinasonkhanitsa malonda a ntchito ya change manager, uja wotsogolera antchito kampani ikamasintha kagwiridwe ka ntchito, n'kuwasanja dera ndi dera. Ndinachotsamo a ku IT amene dzina ndi lomwelo koma ntchito yawo ndi yovomereza zosintha pa makompyuta motsatira ndondomeko yoyendetsera ntchito za IT yotchedwa ITIL, chifukwa kusakaniza awiriwa ndi kumene kumasokoneza ambiri. Ku London olembedwa ntchito yokhazikika ndinawapeza cha m'ma £55,000 mpaka £70,000 pachaka, pamene a kontrakiti amalipidwa patsiku, nthawi zambiri cha m'ma £500 kapena £600. Munthu wosadziwa amachulukitsa ndi 365 n'kuyamba kuvina. Ine ndinachulukitsa ndi 220, poti tchuthi, matenda ndi masabata odikira kontrakiti ina salipidwa, ndipo ntchito ikakhala mkati mwa IR35, lamulo la msonkho la ku UK lokhudza a kontrakiti, msonkho amadula ngati wa wolembedwa ntchito wamba. Ku Dubai msonkho wa pa malipiro kulibe, koma ndinalekanitsa basic, malipiro enieni opanda zowonjezera, ndi ndalama za nyumba ndi zoyendera, chifukwa gratuity ya pomaliza ntchito amawerengera pa basic yokha, malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba. Ku Zurich ndinalemba zofunsa ngati chiwerengerocho ndi cha miyezi 12 kapena 13, n'kuchotsapo inshuwalansi ya kuchipatala imene munthu amalipira yekha. Ku New York zambiri zinkapitirira $100,000. Kodi munthu wochita zonsezi mungamutche wosasamala?

Kenaka kunabwera Bengaluru, mzinda wa ku India. Malonda ake analemba 18,00,000 CTC, opanda chizindikiro cha ndalama. Ndinaona chizindikiro cha koma (,) chakhala pamalo achilendo, ndinati wolembayo anali ndi tulo, n'kumukonzera: 1,800,000. Mzere umene ndinaikamo unali utazolowera kale madola, ndiye kompyuta inangoikapo $ mwaulemu. Nditasanja kuyambira wamkulu, Bengaluru inakhala pamwamba, Zurich ndi New York zili pansi kuyang'ana kumwamba. Ndinalembera anzanga kuti ndatulukira chinsinsi chimene dziko lonse lachiphonya.

Pa intavyu ya pa vidiyo ya ntchito ya ku Bengaluru ija zonse zinkayenda. Ndinafotokoza ADKAR, njira ina yotsogolera anthu pa kusintha, mpaka mayi wolemba anthu ntchito uja ankagwedeza mutu. Atafika pa funso la malipiro amene ndikuyembekezera, ndinakhosomola pang'ono, n'kunena modzichepetsa kuti ndaona 1.8 miliyoni imene alemba, koma popeza ndine watsopano kumeneko, madola 1.5 miliyoni andikwanira. Ndinawonjezeranso kuti ndalama si zonse pamoyo.

Mayi aja anangoti duu. Ndinaganiza kuti intaneti yaduka, koma maso awo ankaphethira. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenaka kachizindikiro ka maikolofoni yawo kanafiira. Anthu inu, palibe chowawa ngati kuonera munthu akuseka popanda mawu. Mapewa akugwedezeka, mutu kugwa pa desiki, kudzuka, kundiyang'ana, kugwanso. Anakodola wina kumbali. Panatulukira mutu wa bambo wina, theka la nkhope lokha, diso limodzi likundiyang'ana kuti lione munthu wa 1.5 miliyoni. Mayi aja anamunong'oneza, diso lija linazimiririka, ndipo ndinaona mpando ukuzungulira wokha. Ine nthawi yonseyi ndili chimwetulire, taye ili pakhosi, ndikuganiza kuti akondwera ndi kudzichepetsa kwanga. Ndinafika pokweza chala chachikulu. Ndikhulupirira kuti kunja dzuwa linalowa n'kutulukanso.

Atatsegula maikolofoni, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango, anati: "Bambo, amenewo ndi ma rupee. Ndi 18 lakh."

Chizindikiro cha koma chija sichinasochere ayi. Ku India amalemba choncho: pambuyo pa manambala atatu omaliza, amadula awiriawiri, ndipo lakh imodzi ndi 100,000. Pamene dola imodzi ikupitirira ma rupee 80, 18 lakh safika ngakhale $23,000. Ndiye mayi aja, poona kuti ndagwa kale, anaganiza zondipondanso. CTC (cost to company) si ndalama yolowa m'thumba. Ndi zonse zimene kampani ikuwonongera pa iwe: 12 peresenti ya basic imene bwana amaika ku Provident Fund, thumba losungira ndalama za popuma ntchito, ili momwemo, gratuity ili momwemo, bonasi imene mwina suiona ili momwemonso. Msonkho sanadule n'komwe. Ndiye kuti ndinapempha malipiro a anthu oposa 60, ndili wodzichepetsa.

Komabe tinene chilungamo. Nambala yanga inali yolondola mpaka ziro womaliza, chinasochera ndi chizindikiro chimodzi chokha. Ndipo $23,000 ku Bengaluru si yofanana ndi $23,000 ku London, kumene lendi yokha ingaimeze n'kufunsa ina. Mfundo yanga yoti malipiro amasiyana kwambiri potengera dera inatsimikizika, kungoti inatsimikizika chadodolido. Wolemba malonda akanaika chizindikiro cha rupee, lero bwenzi mukuseka wina.

Anati andiimbira. Tebulo lija tsopano lili ndi mzere wapadera wa mtundu wa ndalama, ndipo amene munalipempha ndikutumizirani, kupatula uja anasintha dzina la gulu kukhala "Miliyoni ndi Theka".