Kabolodi kaja kadzuka, zikomo nonse amene munandipirira

Mawu mukuwerengawa ndawalemba pa kabolodi komwe kaja, kakompyuta kakang'ono ka Orange Pi PC. Ndikudziwa kuti ena munafika potopa nane, chifukwa kwa miyezi inayi nkhani yanga inali yomweyomweyo: sikakuyaka, kayaka koma sikirini ili bii, dzulo kanayenda lero kakana. Lero kakwanitsa masiku 30 kakugwira ntchito osadzizimitsa kokha. Debian 12, womwe ndi mtundu wa Linux, ikuyenda, Xfce yoonetsa mawindo ili pa sikirini, kiyibodi ndi mausi zikumvera. Ndiye ndati ndisakhale chete ngati ndinawoloka ndekha.

Kwa amene simunakaone, ndi Orange Pi PC, kakang'ono ngati khadi ya kubanki. Kali ndi purosesa ya Allwinner H3 yokhala ndi ma core anayi a Cortex-A7, memori ndi gigabayiti imodzi basi. Mulibe hard disk, mulibe BIOS, zonse zimakhala pa khadi ya microSD. Mabolodi otere ambiri amawabisa m'kabokosi kuti azigwira ntchito imodzi osaonedwa ndi munthu. Ine ndinkafuna kukasandutsa kompyuta yokhala nayo pa tebulo, yolembera ndi kuwerengera.

Ndivomeretu poyamba kuti njira yachidule inalipo. Anthu a Armbian, amene amakonza Linux ya mabolodi otere, anakonza kale zonse, umangokopera pa khadi n'kuyatsa. Ambiri mwa inu munandiuza zimenezo, ndipo simunalakwe. Ndinakana dala chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene chimachitika kuyambira pamene magetsi alowa mpaka pamene sikirini yawala. Choncho ndinamanga Debian yanga ndi debootstrap, pulogalamu yoika maziko okha a Debian, n'kumaika chidutswa chilichonse ndi manja anga. Mavuto onse amene ndifotokoze apa ndinadziitanira ndekha.

Amalume, ndiyambe ndi inu.

Masiku awiri oyambirira ndinkalowetsa magetsi pa kabowo ka micro USB, osadziwa kuti kabolodi aka sikalandirira magetsi pamenepo, kali ndi kabowo kake kozungulira ka mavoti 5. Zimenezo ndinazitulukira ndekha, mwamanyazi. Koma nditakonza, sikirini inakhalabe yakuda. Ndinkafufuta khadi n'kulembanso, kufufuta n'kulembanso, nthawi iliyonse kusintha kanthu kena mongoganizira. Milungu itatu inapita choncho. Tsiku limene munafika munandipeza nditagwira tsaya, munayang'ana kabolodiko pang'ono n'kufunsa kuti, "Kakuti chiyani?" Ndinati sikakunena kanthu. Munaseka. "Kakulankhula aka, mphwanga. Iweyo ndi amene ulibe khutu."

Mawa lake munabwera ndi kachingwe ka USB kupita ku serial, kowerengera pa laputopu zimene bolodi ikunena, kokhala ndi mawaya anayi kumapeto. Waya wofiira munamupinda n'kumumata ndi tepi, munati ameneyo ndi wa magetsi, asayandikire bolodi. Otsala atatuwo ndi a timapini titatu timene ndinali ndisanatilabadirepo: GND, RX yolandirira ndi TX yotumizira. Munandichenjeza kuti timapini timeneti timayendera mavoti 3.3, ndisadzayese kulumikizapo chingwe chakale cha RS-232. Ndinalemba screen /dev/ttyUSB0 115200 pa laputopu, tinayatsa, kunali zii. Inu osatekeseka. Munandifunsa kuti TX ndailumikiza kuti, ndinati pa TX inzake. "Pakamwa ndi pakamwa angamvane bwanji? Pakamwa pa uyu papite pa khutu la uyo." Nditasinthanitsa mawaya awiriwo, zilembo zinangoti khuthu pa sikirini ya laputopu. U-Boot SPL. DRAM: 1024 MiB. Kenako mizere yambirimbiri ya kernel, mtima wa Linux, ikuthamanga.

Thupi langa linachita tsembwe. Milungu yonse ija kabolodi kankadzuka bwinobwino, kankafotokoza chilichonse chimene kakuchita, ine n'kumayang'ana pa HDMI pomwe panalibe choti n'kuona.

Madzulo amenewo ndi pamene ndinamvetsa dongosolo lake. M'kati mwa purosesa muli kapulogalamu kosafufutika kamene kamayang'ana pa khadi, pa malo a makilobayiti 8 kuchokera poyambira. Kakapeza SPL pamenepo, yomwe ndi kachidutswa koyamba ka pulogalamu yoyatsira makina yotchedwa U-Boot, SPL imadzutsa memori n'kuitana U-Boot yonse. U-Boot imanyamula kernel pamodzi ndi fayilo ya device tree, imene imauza kernel kuti pini yakuti ndi ya chakuti, chifukwa zipangizo za pa bolodi yotere sizidzitchula zokha monga zimachitira pa kompyuta wamba. Pomaliza kernel imafunafuna pamene pali mafayilo a Debian. Apa ndi pamene panga pankathera. Mzere womaliza unkati Unable to mount root fs. Kernel inkafika msanga, khadi isanaonekere kwa iyo, ndipo ikaona kuti palibe inkangoimira pomwepo. Munandiuza kuti ndiwonjezere liwu limodzi pa mzere wa malamulo a kernel, rootwait, kutanthauza kuti idikire. Zilembo zisanu ndi zitatu. Milungu itatu. Amalume, sikuti munangondikonzera vuto la tsiku limenelo ayi, munandiletsa kulosera. Kuyambira pamenepo chikavuta ndimayamba ndawerenga.

Achemwali a kuntchito, inu ndiye munandichotsa m'dzenje lenileni, ndipo nkhaniyi ndiinena poyera ngakhale ikundichititsa manyazi. Unali usiku, tulo tili m'maso, ndikulembanso U-Boot pa khadi ndi lamulo la dd. M'malo molemba sdb, dzina la khadi, ndinalemba sda, dzina la diski ya laputopu. Lamuloli silifunsa kuti mwatsimikiza kodi. Linangomaliza mwakachetechete. Nditazimitsa laputopu n'kuyatsanso, sinadzukenso. Mmenemo munali ntchito yanga ya zaka zingapo ndi zithunzi zonse za ana kuyambira ali makanda, ndipo ndinalibe pena pomwe ndinazisunga. Ndinakuimbirani manja akunjenjemera. Simunandikalipire. Munati ndikuwerengereni lamulolo monga ndinalilembera, chilembo ndi chilembo. Nditafika pa bs=1024 seek=8 munandiimitsa n'kufunsa kukula kwa fayiloyo. Ndinati siikwana ngakhale megabayiti imodzi. "Ndiye pumani, achimwene. Musalembenso kanthu pa diskiyo, kagoneni."

Sindinagone. Mmawa munabwera ndi Linux ya pa fulashi, n'kundionetsa pa fdisk kuti gawo loyamba la diski yanga limayambira pa sector 2048, ndiko kuti pa megabayiti imodzi ndendende. Zimene ndinalemba zinagwera m'kampata ka kutsogolo kwake, momwe pa ma diski a kalembedwe kakale ka MBR mumakhala chidutswa cha GRUB, pulogalamu yoyatsira laputopu. Ndinapha choyatsira chokha, mafayilo onse anali ali gwa. Munalowa ndi chroot, grub-install, ndipo pasanathe theka la ola laputopu inadzuka. Fayilo ija ikanakhala yokulirapo, kapena ndikanakhala ndikulemba chithunzi chonse cha khadi, bwenzi lero ndikulemba zina. Kapepala kamene munamata pansi pa kiyibodi, kolembedwa kuti lsblk kaye (lamulo loonetsa mayina a ma diski), kakadali pomwepo. Zithunzi zija tsopano zili malo atatu.

Desktop itaoneka koyamba ndinafuula ngati mwana, koma chimwemwe chake chinali cha mphindi zochepa. Ukakoka windo ndi mausi, inkatsatira pambuyo modukizadukiza ngati ikukokedwa m'matope, ndipo ma core onse anayi ankadzaza. Apa anandithandiza ndi mnyamata wina wa pasukulu ya ukachenjede, wamng'ono kwa ine ndi zaka pafupifupi makumi awiri. Anandiuza kuti ndiyendetse glxinfo, lamulo loonetsa chimene chikujambula zithunzi. Inalemba llvmpipe, kusonyeza kuti zithunzi zonse ikujambula ndi purosesa, pamene chipangizo chojambulira cha Mali-400 chili m'momo chikungogona. Cholakwa chinali changanso. Ndinatsatira malangizo akale kwambiri n'kulemba fayilo ya xorg.conf yokakamiza dalaivala ya fbdev, imene sigwiritsa ntchito Mali-400. Iye anangoti, "Bambo, fufutani fayiloyo, zinthu zinasintha kalekale." Ndinafufuta, X, pulogalamu yoyendetsa sikirini, inasankha yokha dalaivala ya modesetting, glxinfo inalemba Mali400. Ndinazimitsanso compositor ya Xfce, yomwe imakongoletsa mawindo, mawindo n'kuyamba kuyenda ngati a kompyuta yeniyeni. Mwana wanga, unandiphunzitsa mopanda kundinyoza, ndipo si onse odziwa zinthu amene amatha zimenezo.

Nkhani ya Mali-400 inandipangitsa kufufuza kuti dalaivala imeneyi inachokera kuti, ndipo apa pali anthu ena oyenera kuwathokoza amene sadzawerenga n'komwe mawu awa. Dzina lake ndi Lima. Luc Verhaegen anaionetsa poyera mu 2012, atafufuza mmene chipangizocho chimagwirira ntchito popanda mabuku ake. Ntchitoyo inadzaima, Qiang Yu n'kuidzutsanso mu 2017, ndipo inalowa mu Linux 5.2 mu 2019. Zaka zisanu ndi ziwiri kuti windo yanga isamadukize. Chimodzimodzi anthu odzipereka a linux-sunxi, amene anagwira ntchito yoti mapurosesa a Allwinner aziyenda ndi kernel ya aliyense, komanso malemu Wolfgang Denk amene anayambitsa U-Boot. Ndikaona mizere ija ikutsika pa serial ndimakumbukira kuti uliwonse unalembedwa ndi munthu, mwina nayenso usiku, maso ali psuu ngati anga.

Zotsalazo zinali zing'onozing'ono, ngakhale pa nthawiyo sizinkaoneka choncho. Khadi yoyamba inafa chifukwa ndinaikapo swap, malo osungirako zinthu zosefukira m'memori, ndipo gigabayiti imodzi ikadzaza, makina ankalemba pa khadipo usana ndi usiku mpaka inatopa. Mnzanga wina anandilozera zram, imene imapanikiza zinthu m'memori momwemo m'malo mozitaya pa khadi. Wina anandipatsa kachitsulo kozizirira komata pa purosesa, nditamuuza kuti ndayesa kuigwira ndi chala n'kuchichotsa msanga. Chimene chinandiseketsa kwambiri ndi wotchi. Kabolodika kalibe batire losungira nthawi, ndiye tsiku lina katadzuka popanda intaneti kanadzuka kali m'chaka china chakale, ndipo nditalumikiza chingwe Firefox inakana masamba onse, ati ziphaso zawo sizinafike poyamba kugwira ntchito. Ndinataya ola lathunthu ndikukayikira chilichonse kupatula deti. Pano fake-hwclock imasunga nthawi pozimitsa, intaneti ikabwera n'kuikonza bwino.

Ndisakunamizeni kuti kasanduka kompyuta yamphamvu. Firefox ikatsegula masamba atatu kamayamba kupuma movutikira, achinayi ndiye mwakaputa. Mavidiyo a pa intaneti amadumphadumpha. LibreOffice imatenga nthawi kutseguka, koma ikatseguka umalemba bwinobwino tsiku lonse. Wina akandifunsa ngati agule kotere kuti kakhale kompyuta yake yokhayo, ndingamuuze kuti ayang'ane ka memori yochulukirapo, ndipo ayambe ndi Armbian, asachite makani anga. Koma kulemba, kuwerenga mabuku a PDF, makalata ndi kuphunzira mapulogalamu, kakukwanitsa, kali phee popanda fani.

Mayi a kunyumba, inu ndakusungirani kumapeto dala. Tebulo lija munalipereka kwa miyezi inayi, mawaya ali yangayanga, osadandaula kupatula tsiku limodzi lomwe munaponda kasikuluwu. Usiku wa laputopu uja ndinakuuzani zoona kuti mwina zithunzi za ana zapita. Munakhala chete nthawi yaitali, kenako munati, "Tiona mmawa." Ndikudziwa kuti mumtima munali zambiri zoti munene, ndipo zikanakhala zoyenera. Ndagwira mwendo wanu. Ndipo mwana wathu wamkulu ndi amene anakhala woyamba kulemba pa makinawa ine ndisanayambe, analemba dzina lake kasanu ndi zilembo zazikulu n'kufunsa ngati muli magemu. Ndamulonjeza kuti tiyesa, koma asayembekezere zambiri kwa Mali-400.

Amalume, kachingwe kanu ndibweretsa Loweruka, ndapeza kanga. Waya wofiira uja akadali womata ndi tepi monga munamusiyira.