Mphwanga wapereka mimba ali Folomu 2

Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Luchenza, ndipo kwathu ndine mwini mbumba. Udindo umenewu umakoma pa ukwati, pomwe amakukhazika kutsogolo. Kukagwa mlandu, woyamba kuitanidwa ndiwe. Chaka chino wandiitanitsa ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 16, amene wapereka mimba kwa mtsikana wa m'kalasi mwake momwemo.

Mlongo wangayo amathyola tiyi ku esiteti. Dzinja masamba akachuluka kandalama kamaoneka, koma kukayamba kuzizira tiyi n'kusiya kuphuka, aganyu ambiri amawaimitsa, iyenso amakhala m'gulu lomwelo. Bambo a mnyamatayo ali ku Joni, foni yawo imagwira pa Khirisimasi.

Mawu oyamba a mlongo wangayo anali akuti, "Achimwene, kuno mwana ndi wa kuchikazi. Tiwapatse chindapusa chawo nkhani ithe." Msuweni wina anati mnyamatayo awoloke pa Muloza akabisale kwa abale ku Mozambique mpaka nkhani itazizira. Agogo athu anati angowakwatitsa.

Za ukwatizo sizinachedwe kugwa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Ana awiri osadziwa ngakhale mtengo wa chigoba cha chimanga, tiwamangire nyumba kuti azikadya chiyani? Zothawitsa ndinakana ndekha. Wothawa ndi mmodzi, otsala ndife, ndipo chigayo chomwe timakumanako ndi akuchikazi n'chimodzi.

Pa chindapusa ndi pomwe tinakangana kwambiri. Sindikuchinyoza, chimaziziritsa mitima ya makolo amene mwana wawo wasiyira sukulu panjira. Koma ndalama yobwera kamodzi imatha sabata yomweyo: ina feteleza, ina kubweza ngongole ku banki nkhonde. Khandalo likamabadwa imakhala itaiwalika. Pomwe mtsikana akamapita kukachira amafunika zitenje zingapo, beseni, pepala lapulasitiki loyala pabedi, ndalama ya njinga kapena galimoto zinthu zikavuta usiku. Akatuluka m'chikuta ndiye sopo, matewera, mafuta odzola, kenako phala, kenako malungo. Zimenezi sizifunsa kuti bambo ake ali Folomu yanji.

Ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma anandifotokozera bwino. Lamulo loteteza ndi kusamalira ana la 2010 limati bambo ndi mayi onse ali ndi udindo wodyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwana wawo, kaya anakwatirana kaya ayi. Lamulo la 2015 lija limawonjeza kuti wopereka mimba kwa mkazi wosakwatiwa azimuthandiza ali woyembekezera mpaka pochira, ndipo ngati wopereka mimbayo akadali mwana, katunduyo amagwera makolo ake kapena womulera. Akuchikazi akafuna atha kukadandaula kwa majisitireti, amene amayang'ana mapezedwe a mbali zonse asanalamule zoti ziziperekedwa. Palibe pomwe lamulo limafunsa ngati kwanu n'kwa chikamwini.

Kunena zoona mawu aja akuti mwana ndi wa kuchikazi timawakonda pamene akutipulumutsa ku thumba. Mwanayo akadzakula n'kupeza ntchito ku Blantyre, omwe ankakana aja ndi amene amayamba kunena kuti mphuno ndi yakwathu.

Sitinafike kukhoti. Tinakhala pansi kwa amfumu, mbali zonse ziwiri, n'kulemba m'kope zimene tizipereka mwezi ndi mwezi. N'zochepa, koma n'zimene tingakwanitse ngakhale mwezi umene mlongo wanga sakuthyola tiyi. Amalume a mtsikanayo, bambo wofatsa amene amagulitsa zinanazi, anangoti, "Ife sitikufuna chuma chanu. Tikufuna mwana wathu abwerere kusukulu." Boma linalola atsikana obereka kubwerera m'kalasi kuyambira 1993, koma chilolezo sichilera khanda. Pamafunika wina wotsala nalo m'mawa, ndiye tinagwirizana kuti agogo a mbali zonse azisinthana.

Chimene ndinaumirira ine n'chakuti mphwangayo asangomva kuti akulu akonza. Loweruka lililonse amabwera pakhonde langa. Amasita, amasokerera mabatani, wayamba kupinda m'munsi mwa mathalauza ngakhale mzere wake umakhota. Ndalama yake sindimupatsa m'manja yonse, ina imalowa m'chitini cha mwana. Tsiku logula katundu wa kuchipatala ndinamusenzetsa beseni, zitenje zili momwemo, n'kudutsa nalo pamsika anzake a kabaza akumukuwiza. Anafika kunyumba kwa mtsikanayo maso ali pansi, n'kugwada kupereka kwa mayi ake. Pobwerera anandifunsa, "Amalume, zimenezi zidzatha liti?" Ndinamuuza kuti za ifezi zidzatha iye akakwanitsa zaka 18. Zakezo ndiye zidzakhala zikuyamba kumene.

Sukulu sindikufuna asiye. Bambo wosaphunzira m'dera lino, kumene minda inatha ndipo nthochi zinapita ndi matenda, adzathera pa ganyu yemweyo wa mayi ake, ndipo chitini chija sichidzadzaza. Azibambo ena a msinkhu wanga amene amamukalipira pamsika ndimangowayang'ana, chifukwa ena mwa iwo ali ndi ana m'makomboni a ku esiteti amene sanawagulireko ngakhale kandulo.

Alamu anga a ku Joni anayankha uthenga patapita nthawi. Anati zimenezo ndi za amalume ake. Pa mwambo sakunama. Koma kholo limene lamulo likutchula ndi iwowo, ndiye ndajambula tsamba la m'kope lija, ndawatumizira pa WhatsApp pamodzi ndi nambala yoti azitumizirapo mbali yawo. Uthengawo akuoneka kuti awerenga.