Kabatire ka pa motherboard kandidyera sabata yathunthu

Sabata ino yapita yonse ndi pulogalamu yokokera ma update, ndipo mkwiyo wake sunandichokebe. Ndi kapulogalamu kamene kampani ina inatiikira pa makompyuta a ku akaunti ndi ku kaundula. Kompyuta ikangoyaka, Task Scheduler, mbali ya Windows yoyendetsa mapulogalamu pa nthawi yoikika, imakadzutsa kuti kakafunse ku seva ngati kwabwera zatsopano. Lolemba m'mawa ndinapeza madandaulo ataunjikana, onse ofanana: kompyuta ikayaka pamatuluka uthenga woti update yalephera, limodzi ndi nambala 0x80072F8F. Pansi pake bwana wa dipatimenti anawonjezera kuti a IT akonze tsiku lomwelo.

Ndinayamba ndi zimene tonsefe timayamba nazo. Kuimitsa wuauserv ndi BITS, zimene zimakoka ma update a Windows, kusintha dzina la mafoda a SoftwareDistribution ndi catroot2, kenako kuyendetsa sfc /scannow ndi DISM, zofufuzira mafailo a Windows oonongeka. Zonse zinatuluka zoyera. Ndikayendetsa pulogalamuyo pamanja, inkayenda. Ndikapanga restart, inkayendanso. Lachiwiri m'mawa madandaulo aja anabwereranso momwemo.

Nambala ija ya 0x80072F8F, anzanga, mukuidziwa. Imanena kuti kulumikizana kotetezedwa kwakanika, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala wotchi ya kompyuta kapena satifiketi, chiphaso chimene seva imadzitsimikizira nacho, chokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera. N'chifukwa chake wotchi ndinaiyang'ana Lolemba lomwelo pa kompyuta iliyonse, ndipo tsiku ndi ola zinali zolondola. Satifiketi ya seva inali isanathe. Proxy ndi firewall sizinkatsekereza kalikonse. A kampani aja nditawaimbira anandiuza kuti ndichotse pulogalamuyo n'kuiikanso. Ndinatero, koma palibe chinasintha.

Ntchito zina sizinaime ayi. Pulinta ya pa reception inkameza mapepala, anthu angapo anaiwala mapasiwedi, wantchito watsopano ankafuna akaunti ndi imelo, ndipo waya wa netiweki wa m'chipinda cha misonkhano anali utapanidwa ndi mwendo wa tebulo. Zonsezo ndinazichita mothamanga, mutu uli kwina.

Lachitatu ku msonkhano bwana anandifunsa pamaso pa anthu onse chifukwa chimene kavuto kakang'ono chonchi kakundikanikira. Ndinawayankha kuti, "Bwana, vutoli limaoneka m'mawa mokha, ine ndikafika limakhala litabisala." Anagwedeza mutu n'kupita pa mfundo ina. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ntchito imeneyi ndimaidziwa ndipo ndimainyadira.

Madzulo ake, anthu ataweruka, ndinakhala pansi ndi Event Viewer, imene imaonetsa malogi a zochitika mu Windows. Chimene chinkandizunguza n'choti m'malogi a m'mawa simunkaoneka kulephera kulikonse, ngati kuti pulogalamuyo sinadzuke n'komwe. Event Viewer imasanja zinthu potsata tsiku, zatsopano pamwamba. Nditatsikira pansi penipeni, kumene munthu sapita kawirikawiri, ndinapeza mulu wa zolephera zonse zitalembedwa pa Januwale 1 wa chaka chakalekale, patangopita mphindi zochepa kuchokera pakati pa usiku. Pambali pake panali Kernel-General, Event ID 1, yonena kuti nthawi ya kompyuta yasinthidwa. M'mawa uliwonse wotchi inkadumpha zaka zingapo kubwera kutsogolo, ndipo ankaidumphitsa ndi munthu.

Lachinayi ndinalawirira kuti ndione ndi maso anga. Mesenjala amene amatsegula maofesi analowa, n'kuyamba kuyatsa masoketi apakhoma limodzi ndi limodzi, kenako makompyuta. Ena mwa iwo anaima pa sikirini yakuda akudandaula za CMOS, kachipangizo kosunga tsiku ndi zosankha zoyambira za kompyuta, iye n'kumangodina F1 kuti apitirire osawerenga n'komwe. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, zimenezi zinayamba liti?" Anati zinayamba kalekale, ndipo anauzidwa kuti azingodina. Mayi wina wa ku akaunti atafika anatsegula browser, iyo n'kudandaula kuti wotchi yatsalira, iwo n'kukonza tsiku pamanja mwachangu ngati mmene munthu amapukutira fumbi pa tebulo lake. "Timachita chonchi tsiku lililonse," anandiuza. "Timaona ngati ndi mmene makompyuta akale amachitira." Sindiwaimba mlandu mayiwa. Ankangofuna kuyamba ntchito yawo.

Nkhani yonse inagona pamenepa. Pa motherboard pamakhala kabatire kozungulira, CR2032, ka 3V, kamene kamayendetsa wotchi kompyuta ikakhala yopanda magetsi. Kompyuta ya pa desiki ikazimitsidwa koma waya uli pa soketi yoyaka, power supply imapitirizabe kupereka 5V ya standby, ndipo wotchi imayenda ngakhale kabatireko katafa. N'chifukwa chake restart yanga sinkaonetsa kanthu. Koma soketi ikazimitsidwa pakhoma usiku wonse, wotchi imabwerera pa tsiku limene BIOS, pulogalamu yodzutsa kompyuta Windows isanayambe, imayambira. M'mawa pulogalamu ya update imadzuka isanafike nthawi yoti munthu akonze tsiku, imalandira satifiketi ya seva, imaona kuti malinga ndi wotchi yake tsiku loyambira satifiketiyo silinakwane, ndiye imakana kulumikizana. Ikutero ikugwira ntchito yake molondola. Ndipo imayesa kamodzi kokha, poyaka basi, siibwerezanso masana.

Wina afunsa kuti bwanji Windows Time (w32time), imene imakonza wotchi kudzera pa netiweki, sinkakonza yokha. Makompyuta amenewa sali pa domain, ndiye kuti sayang'aniridwa ndi seva ya ofesi, ndipo pa kompyuta yoima payokha MaxPosPhaseCorrection, malire a mmene wotchi ingasunthidwire kutsogolo, imakhala pa masekondi 54,000, omwe ndi maola 15. Kusiyana kukaposa pamenepo, w32time siisuntha wotchi. Ife kusiyana kwathu kunali kwa zaka.

Ndinatsegula makompyutawo n'kuyeza mabatire ndi multimeter. Ambiri anali atatheratu, ena osafika ngakhale 1V.

Apa ndi pamene mtima wanga unapsa. Mabatire amenewa ndinawapempha chaka chatha, pa fomu, nditalemba bwinobwino kuti makinawa akalamba ndipo mabatire awo ayamba kufa. Fomuyo inabwerera ndi mawu akuti si zachangu. Patapita nthawi a administration anatulutsa kalata yolamula kuti soketi iliyonse izizimitsidwa pakhoma poweruka, pofuna kupulumutsa magetsi. Lamulolo palokha si loipa, koma palibe anabwera kudzatifunsa ife a IT kuti likhudza chiyani. Zinthu ziwirizi zitakumana zinabala vuto limene ndinanyozedwera pa msonkhano. Ndipo anthu atayamba kuona uthenga wolephera, wina waudindo anawauza kuti azingoutseka. Madandaulo anafika kwa ine sabata ino chifukwa choti uthengawo unayamba kutulukanso pa kompyuta ya bwana.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi mbiri ya ma update. Makompyuta amene amasunga malipiro a anthu ndi mafailo a kaundula akhala miyezi yambiri osalandira chigamba chilichonse cha chitetezo. Microsoft imatulutsa zigamba zake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo miyezi yonseyo zinkangotidutsa. Amene tinali kale pantchitoyi mu Meyi 2017 tikukumbukira WannaCry, virus ija yotsekera mafailo n'kumafuna dipo. Chigamba chake, MS17-010, chinali chitatuluka mu Malichi chaka chomwecho, ndipo amene anagwidwa ambiri anali oti sanachiike. Ndikaganiza kuti ifenso tinali pakhomo lotseguka chonchi chifukwa cha kabatire, tulo sitibwera. Onjezani kuti ogwiritsa ntchito onsewa ali ndi mphamvu za admin, chifukwa pulogalamu ya akaunti imene tinagula imakana kuyenda popanda mphamvuzo. N'zimene zinawalola kusintha wotchi, ndipo n'zimenenso virus ingagwiritse ntchito itangolowa. Nkhani imeneyinso ndinailemba kale m'malipoti.

Masana a Lachinayi ndinalowa m'chipinda chosungira makina akufa n'kuzula mabatire amene anali akadali ndi moyo. Anakwanira makompyuta ochepa, ndiye ndinayamba ndi a malipiro. Pa otsalawo ndinakweza MaxPosPhaseCorrection mu registry, mmene Windows imasungira zosankha zake, n'kulemba ka script koyendetsa w32tm /resync, lamulo lokonzera wotchi, poyaka. Mu Task Scheduler ndinauza pulogalamu ya update kuti izidikira mphindi zingapo, iziyamba netiweki ikapezeka, ndiponso izibwereza ikalephera. Zikugwira, koma ndi chigamba chabe. F1 ija idakalipo, ndipo kompyuta imene imaiwala wotchi imaiwalanso zina zimene tinasankha mu BIOS, monga dongosolo la boot. Usiku umenewo ndinatsala mpaka mochedwa kudikira ma update a miyezi yonse ija kuti alowe, kompyuta iliyonse ikuzima n'kuyakanso kangapo.

Lachisanu ndinalemba lipoti lalifupi, n'kumatapo kope la fomu ya chaka chatha ndi la kalata ya masoketi ija. Ndinakumbutsanso kuti chithandizo cha Windows 10 chinaikidwa kutha pa 14 Okutobala 2025, ndipo ambiri mwa makinawa alibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna, choncho mabatire sathetsa nkhani ya ukalamba wawo. Bwana anawerenga, anati ndachita bwino, kenako anandiuza kuti ndidzaze fomu yatsopano ndi kubweretsa ma quotation atatu. Za mawu a pa msonkhano paja sanatchulepo. Fomu ndadzaza. Ndapemphanso kuti masoketi a ku akaunti ndi ku kaundula asamazimitsidwe pakhoma mpaka mabatire atafika, ndipo andiuza kuti zimenezo zikufunika siginecha ya amene analemba kalata ija, yemwe ali pa tchuthi mpaka sabata yamawa.