Akamba a m'chipululu cha Tatacoa

Basi yochokera ku Bogotá, likulu la dziko la Colombia, inandisiya ku Neiva mbandakucha, miyendo ili dzanzi nditakhala pampando usiku wonse. Kuchoka pamenepo ndinakwera kagalimoto kopita ku Villavieja, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Magdalena, kumene kumayambira chipululu cha Tatacoa. Alendo ambiri amapita kumeneko kukaona nyenyezi usiku ndi kukajambula zigwembe zofiira za pamalo otchedwa Cuzco. Ine ndinkafuna kamba. Nditawauza bambo amene anandinyamula pa njinga yamoto, ndi Chisipanishi changa chothyokathyoka, anaseka mpaka njinga kugwedezeka. Anati kamba amafuna madzi, nanga kuno ndawaona pati madzi?

Bamboyo sanalakwe. Pofika 10 koloko dzuwa linali litaswa mtengo, nthaka ili gwa, paliponse minga ndi mbuzi. Botolo langa la madzi linatha tisanafike n'komwe ku Los Hoyos, kumene dothi limasintha kuchoka kufiira n'kukhala lotuwa ngati phulusa. Ndinagula lina pamtengo umene sindiufotokoza, chifukwa ndikaukumbukira mtima umandiwawabe, koma ndinapereka mapeso aja, ndalama za kumeneko, osatsutsa.

Chimene chinandikokera kumeneko ndi ntchito ya Edwin Cadena, katswiri wa ku Colombia konko amene moyo wake wonse wathera pa zigoba za akamba zosanduka miyala. Anakulira ku Zapatoca, m'chigawo cha Santander, kumene anayamba kutola timiyala tazamoyo zakale ali mwana. Ali wophunzira anakakumba ku Cerrejón, mgodi waukulu wa malasha wa ku La Guajira, ndipo mu 2005 anapezako kamba amene pambuyo pake, mu 2012, anamutcha Carbonemys, kutanthauza kamba wa m'malasha. Chigoba chake ndi chotalika masentimita 172. Kambayo anakhalako zaka pafupifupi 60 miliyoni zapitazo, m'dambo limodzi ndi Titanoboa, njoka ija ya mamita pafupifupi 13 imene inalengezedwa mu 2009.

Apa m'pamene nkhani ya akamba imakumana ndi ya nyengo. Njoka, ng'ona ndi kamba sizipanga kutentha kwa m'thupi mwawo monga ife, zimadalira kutentha kwa pamalo. Choncho ofufuza ataona kukula kwa Titanoboa anawerengera kuti nkhalango ya ku Cerrejón inkatentha madigiri 30 mpaka 34 pa avereji ya chaka. Akatswiri ena anatsutsa kawerengedwe kameneka, ndipo ine ndili kumbali ya okayikawo pang'ono: nyama imathanso kukula chifukwa chakudya n'chambiri, kapena chifukwa palibe woidya ikakula. Komabe kamba ali ndi ubwino umodzi umene nyama zina zilibe. Chigoba sichiwola msanga. Nyani akafa, pakapita zaka mamiliyoni mumapeza dzino limodzi mwamwayi. Kamba amasiya mbale yonse.

Zigoba zoterezi ndinaziona ndi maso pamene tinatsikira m'kachigwembe kena. Mnyamata amene ankatilondolera anagwada, n'kuloza kachidutswa kakuda kotuluka m'dothi, kakakulu ngati chikhatho cha mwana. Ine ndikanakadutsa ndithu, kapena kukaponda. Anandiuza ndiwerame ndiyang'anitsitse. Pamwamba pake panali kamzere kolowa m'kati, pamene mamba a chigoba ankakumanirana, ndipo m'mbali mothyoka munkaoneka timabowo ting'onoting'ono ngati siponji. Fupa. Ndinatambasula dzanja kuti nditole, iye n'kundigwira pamkono. "Bambo, kuno timangoona basi," anatero. Lamulo la dzikolo silola kunyamula zimenezi, komanso fupa likachoka pamalo pake, ofufuza sangadziwenso kuti linali mu dothi la zaka zingati. Ndinachita manyazi, munthu wamkulu ine.

Dothi la malo amenewo, amene akatswiri amawatcha La Venta, ndi la zaka pafupifupi 13 miliyoni. Nthawi imeneyo kunalibe chipululu. Kunali mitsinje, madambo ndi nkhalango zolumikizana ndi dera limene lero ndi Amazon. Umboni wake ndi nsomba: m'miyala ya kuno anapezamo mafupa a Arapaima, chinsomba chachikulu chimene lero chimakhala ku Amazon koma sichipezeka mwachilengedwe mu Magdalena. Mapiri a Andes a kum'mawa atakwera anadula chigwa cha Magdalena, n'kutchinganso mvula.

M'madzi amenewo ndi mmene munkasambira Stupendemys geographicus. Kambayu anayamba kufotokozedwa mu 1976 kuchokera ku Urumaco, ku Venezuela, koma Cadena ndi anzake ndi amene mu 2020 anamuonetsa bwinobwino pogwiritsa ntchito mafupa atsopano a ku Urumaco ndi a kuno ku Tatacoa. Chigoba chachikulu kwambiri chinafika mamita 2.86, ndipo anayerekeza kulemera kwake pa makilogalamu 1,145. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ine si kukulako. Akamba aamuna anali ndi nyanga kutsogolo kwa chigoba, m'mbali mwa khosi, ndipo chipsera cha pa nyanga ina chinapangitsa ofufuza kuganiza kuti ankamenyana. Taganizani akamba awiri, aliyense wolemera ngati galimoto yaing'ono, akukankhana m'matope. Ndiye ngakhale anali aakulu chotero sankagona tulo: zigoba zina zili ndi mabala a mano a ng'ona, ndipo m'madzi omwewo munali Purussaurus, ching'ona chachikulu zedi.

Madzulo ndinapita ku La Victoria, mudzi umene uli ndi kanyumba kosungiramo zakale koyambitsidwa ndi achinyamata a komweko. Mafupa ali pamatebulo, ena akali m'pulasitala mmene anawanyamulira kuchokera kuthengo. Mtsikana wina anali kupala dothi pa chidutswa cha chigoba ndi kasingano, mutu uli pansi, osatiyang'ana n'komwe. Ndinaima pambali pake mphindi 20, ndipo malo amene anayeretsa sanakwane chikhadabo changa.

Bambo wa njinga uja ankandidikira panja, atakhala pamthunzi wa khoma. Anandifunsa ngati kamba wanga ndamupeza. Ndinati eya, ambirimbiri. Anapukusa mutu, n'kundipatsa chipewa, n'kunena kuti tifulumire chifukwa msewu wa ku Villavieja suoneka bwino kukada.